Zala Zinayi M'chiuno

Siketi inakana kutseka. Zipi inakwera kufika pakati, n'kuima ngati yakumbukira zina. Mwanahalima, atagwada kumbuyo kwa mwana wake, anakoka mbali ziwirizo kuti zikumane, koma pakati panatsala mpata. Anaikapo dzanja. Zala zinayi ndendende.

"Lowetsa mimba."

"Ndalowetsa kale, Amayi. Ndikalowetsanso ndikomoka," anatero Fauzia.

Mwanahalima anakhala pansi pa mkeka, miyendo tambalale. Sabata yonse anali akupuntha mpunga ku Chia, ndipo msana unali usanamukhululukire. Kuyambira m'mawa wa Loweruka limenelo anakhala akupukusa makina ake a pamanja mpaka phewa kuchita dzanzi. Lolemba Fauzia amakayamba uphunzitsi ku Nkhunga, ndipo pa nsalu yabuluu ya siketiyo panangotsala tizidutswa.

Siketi zonse za Fauzia zinkachokera pa pepala limodzi. Telala wina wa ku boma analidula ku thumba la simenti mtsikanayo ali Fomu 3, ndipo Mwanahalima ankalisunga pansi pa matiresi ngati satifiketi. Ntchito yake inali yosavuta. Upinde nsalu pawiri, ugoneke pepala pa mpindo, udule, ndiko kutsogolo. Ubwerezenso, ndiko kumbuyo. Zaka zisanu ndi chimodzi pepalalo silinamunamizepo, moti tepi yoyezera anaiiwala kumene anaiika.

Tsono anayamba kuchotsera m'mutu, chimodzichimodzi. Nsalu anaiviika dzulo lake asanaidule, ndiye sikuti inafupika ndi madzi. Misoko anasoka monga mwa masiku onse. Pepala silidya, silinenepa, silionda. Chotsala chinali chimodzi, ndipo chinali chitaima patsogolo pake: mtsikana amene anakhala miyezi isanu ndi umodzi ku Dwangwa akuphunzira kuphunzitsa, akuchita lendi pakati pa anthu a kumunda wa nzimbe ochokera m'maboma osadziwika. Zala zomwe zija zinayamba kuwerenga miyezi pa bondo.

Asiyatu, mlongo wa bambo a Fauzia, anali pakhonde akupeta mpunga, koma makutu anali m'nyumba.

"Shuga wa ku Dwangwa amanenepetsa, alamu," anatero. "Kungoti wina amanenepetsa malo amodzi."

"Azakhali, ngati pali funso, funsani," anatero Fauzia.

Amene anafunsa ndi mayi ake, maso ali pa mkeka. "Kumwezi unapita liti?"

Lichero pakhonde linasiya kulira. Fauzia anavula siketiyo, anamanga chitenje, n'kulowa kuchipinda. Mwanahalima anamva sutikesi ikukokedwa, n'kuganiza kuti mwana akulongedza. Koma Fauzia anatuluka atavala siketi yakuda yakusukulu, yoyamba kudulidwa pa pepala lija, yosuluka m'matako. Anatembenuka kuti aione bwino. Zipi inali itafika pamwamba, batani lili m'malo mwake.

"Yakale imatamuka," anatero Asiyatu, ataima pakhomo.

"Chabwino, tione kutamukako."

Fauzia anamanganso chitenje, anapinda siketi yakudayo pawiri, n'kuigoneka pa pepala. Ngakhale wosadziwa kusoka amadziwa kuti pepala liyenera kupitirira chovala pang'ono, chifukwa cha malo a msoko. Apa siketi ndi pepala zinathera pamodzi, ndipo m'mphepete mwa pepalalo munali mosalala bwino, modulidwa chatsopano.

"Amayi, pepalali linatulukapo m'nyumba muno?"

Mwanahalima anayang'ana mlamu wake. "Munalibwereka Idi isanafike."

"Ndinalibweza lili bwinobwino," anatero Asiyatu. "Mwinanso kuposa mmene linabwerera. M'mphepetemo munali mutang'ambikang'ambika ngati modyedwa ndi mbewa, ndiye ndinangolimeta kuti lioneke la anthu. Kachala kamodzi basi. Kachala kamodzi kangalepheretse siketi kutseka?"

Fauzia anatola choko cha mayi ake n'kugwada pa simenti, ngati kuti Lolemba lafika kale.

"Chala chimodzi pa pepala. Nsalu mumaipinda pawiri. Zakhala zingati, Azakhali?"

"Usandiyese mwana wa Sitandade 1 iwe."

"Ziwiri. Kumbuyonso ziwiri." Anajambula timizere tinayi, n'kusiya choko pomwepo.

Asiyatu anatiyang'ana nthawi yaitali timizereto. Kenako anagwira pakamwa.

"Subhanallah. Ndiye n'chifukwa chake! Siketi khumi ndi imodzi tinadulira pamenepa. Tsiku la Idi tonse tinkayenda osapuma, tikudabwa kuti munthu anganenepe bwanji atasala mwezi wathunthu. Ine ndinafika poleka vitumbuwa." Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. "Mwana wa a Sailesi anachita kumutengera kuchipatala kukamuyeza."

"Anapeza chiyani?" anafunsa Fauzia.

"Palibe. Koma mpaka lero salankhulana ndi mayi ake."

Atanena zimenezo Asiyatu anakumbukira kuti nkhuku zikudya mpunga pakhonde, ndipo anatuluka mofulumira kuposa mmene nkhukuzo zinkafunira.

M'nyumba munatsala awiri. Mwanahalima ankadikira kuti mwana akalipe, alire, anene kuti munakhulupirira thumba la simenti kusiya ine. Zikanamupepukira. Koma Fauzia anangopinda siketi yakuda ija mosamala, n'kukhala pa mpando cha pakhomo, akuyang'ana kunja. Funso lija linali likadali m'nyumbamo, ndipo panalibe lumo lolimasulira.

Siketi yokha ndiyo ikanamasulidwa. Mwanahalima anatenga lezala n'kuyamba kudula msoko wa m'mbali, ulusi umodziumodzi, ntchito ya m'mawa wonse ikubwerera m'mbuyo. Anasankha tizidutswa titalitali, natilumikiza kuti tikwane zala ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Tizidutswato tidzaoneka. Aliyense wodziwa kusoka ku Nkhunga adzationa n'kudziwa kuti panalakwika.

Ulusi wa pa makina unali utatha. Anaika wina, ananyowetsa nsonga ndi malovu, n'kulunjika pa diso la singano. Unapita pambali. Anayesanso, unapindika. Kachitatu sanalione n'komwe disolo.

Mpando unalira. Fauzia anagwada pambali pake, anamulanda ulusiwo osamuyang'ana, n'kuulowetsa kamodzi kokha.

"Fauzia, mwanawe..."

"Sokani, Amayi. Dzuwa likupita."

Anabwerera pa mpando wake. Mwanahalima anagwira chogwirira cha makina, phewa likukana, n'kuyamba kupukusa.