Maliro Anakana pa Christmas Pass

Masiku a Chitaganya aja, Kenani ankayendetsa galimoto ya mzungu wa ku Murambi, m'tauni ya Umtali ku Rhodesia. Inali yaitali kumbuyo, yopanda kalachi, yosintha yokha magiya. Mkulu wake Stanford atamwalira kuchipatala cha mishoni ku Old Umtali, mzunguyo anamubwereka galimotoyo kuti akatenge maliro.

Za omwalira sitinena zoipa, komatu Stanford anali munthu wouma mtima. Ankagwira ntchito ya njanji, ndipo mkazi wake Annah anachita kumulondola yekha kuchokera ku Ntcheu atatopa ndi kudikira. Stanford anamulandira ngati katundu wa eni. Kumumenya ayi, sanamumenyepo, koma ngakhale kumufunsa kuti waswera bwanji kunkamulemera pakamwa. Mayiyo anamuchapira, anamuphikira, pomaliza anamusambitsa ali gone, osamva zikomo ngakhale mmodzi. Kenani zinkamupweteka, koma mng'ono angalangize mkulu wake?

Bokosi analilowetsa kumbuyo. Annah anakhala pambali pake pamodzi ndi amayi awiri a mpingo, dzanja lili pachivindikiro. Chikweza chonse anakwera bwinobwino. Atayamba kutsetsereka phiri la Christmas Pass, tauni ikuonekera m'munsi, Kenani anachotsa phazi pamoto. Galimoto inagwidwa mwadzidzidzi ngati wina waikoka kumbuyo, injini n'kubuula. Amayi anagundana mitu. Anapondanso, inayenda. Anachotsa phazi, inagwidwanso.

Nyimbo imene amayi ankaimba inathera pakamwa. Mayi wamkulu mwa awiriwo ananong'ona kuti maliro akukana. Kwathu zimadziwika: womwalira akakhala ndi chomwe sakufuna kusiya, bokosi limalemera, onyamula miyendo imakanika.

Kenani nayenso tsitsi linamuima, mpaka anayang'ana pachiwongolero. Ha, zinali zake zomwe! Ndi misozi m'maso, ponyamuka anakokera kandodo ka magiya mopitirira, kakagwera pa giya yaing'ono. Pokwera phiri sanazindikire, poti ankayenda mwaulemu wa maliro. Pa giya imeneyo ukaimana petulo injini, mateyala ndiwo amayamba kuizunguza, iyo n'kumalimbalimba, galimoto n'kuchepa liwiro. Panalibe mzimu apa. Kungokankha kandodoko kamodzi, nkhani yatha.

Anatambasula dzanja, pakamwa atakonza kale mawu oti amayi musaope, ndalakwitsa ndine. Koma pagalasi anaona nkhope ya mlamu wake. Annah sankaopa. Anali atagwada, tsaya ataligunditsa pabokosi, akulankhula ndi mwamuna wake motsitsa, momwe sanayerekezepo ali moyo. Ankamufunsa ngati akukanadi chifukwa cha iye, ngati tsopano wamuona. Amayi aja anamuvomereza, amvekere inde, ndi inu nomwe, bambowa sakufuna kukusiyani.

Mayi wamkulu uja anauza Kenani kuti monga mwini mbumba awapepese akuluwo, avomere ulendo. Annah anadzutsa mutu.

"Alamu, musawakakamize," anatero. "Zaka zonsezi sanandikanirirepo. Asiyeni akhale nane pang'ono."

Kenani chifundo chinamugwira. Choonadi anali nacho m'manja, chaching'ono ngati kandodo komweko, ndipo anadziwa kuti akachinena amulanda mayiyu chinthu chokhacho chimene mkulu wake anamusiyira, chomwenso sanamupatse n'komwe. Anakwiyira Stanford, anamulira, zonse nthawi imodzi.

Anabweza dzanja pachiwongolero. Phiri lonse anatsika pa giya yaing'ono, injini ikubuula, malole a ku Salisbury akuimba mahutala n'kumawapitirira. Pakona iliyonse ankachotsa phazi, galimoto n'kugwidwa, Annah n'kusisita bokosi.

Atafika pachidikha, polowa m'tauni, panalibenso chonamizira, ndipo injini inali itatentha. Anadikira amayi ayambitse nyimbo, n'kukankha kandodo mwakachetechete. Galimoto inapepuka, inayenda myaa.

Kumbuyo Annah anapuma mozama, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Avomera," anatero. "Pitani bwino, bambo. Ndamva."