Kapu ya Mkaka ya a Mackson

Kwa zaka makumi awiri, Dorica sanaphonyepo tsiku kugula mkaka wa mwamuna wake. Ndiwo zinkatha kusowa, sopo ankatha kusowa, koma kapu ya a Mackson ayi. Bamboyo ankaphwanya miyala ya kwale m'mbali mwa msewu ku Nsungwi, ndipo aliyense wogwira nyundo kumeneko ankadziwa lamulo lake: ukaweruka, imwa mkaka utsuke fumbi la m'chifuwa. Amene anayambitsa lamuloli sankadziwika. A kuchigayo ankatero, opala matabwa ankatero, ndiye iwe ndiwe yani kuti utsutse?

Ana anakulira tiyi wopanda mkaka, maso ali pa kapu ija. "Chokanipo apa, awa ndi mankhwala a bambo anu," ankawathamangitsa Dorica. Ndipo tisabise, mayiyu ankanyada nazo. Atamwalira ndi chifuwa mwamuna wa Tionenji, amene ankaphwanya miyala pafupi ndi a Mackson, Dorica ananong'oneza amayi anzake pamaliro pomwepo kuti akazi ena ndi ouma manja, mkaka womwe amauwerengera. Tionenji anazimva.

Chaka chatha a Mackson anayamba kuima ndi wilibala pakati pa njira, manja m'chiuno, ali wefuwefu. Kenaka ngakhale kusamba kunayamba kuwatopetsa. Dorica anawonjezera mkaka, makapu awiri pa tsiku. Kuchipatala chaching'ono anayeza makhololo kawiri konse, chifuwa chachikulu osachipeza, mpaka anawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Kumeneko anawalandira dokotala wina wachizimayi, a Maureen, wolankhula mosathamanga. Anapana chala cha a Mackson ndi kachipangizo, nayang'ana manambala nthawi yaitali. Kenaka anakweza chithunzi cha m'chifuwa moyang'anitsa kuwindo. Chinali ndi timadontho toyera paliponse, ngati wina wawazapo ufa.

"Abambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Miyala," anatero a Mackson. Mawu ambiri ankawadyera mpweya.

"Koma mkaka samaphonya, adokotala," Dorica analowerera msanga. "Tsiku ndi tsiku. Panopa awiri."

Dokotala uja anatsitsa chithunzi n'kukhala pansi. "Amayi, gwirani apa pakhosi panu. Muli njira ziwiri. Yakutsogoloyi, yolimbayi, ndi ya mpweya, imapita m'mapapo. Kumbuyo kwake kuli ya chakudya, imapita m'mimba. Mukameza, kachivindikiro kamatseka ya mpweya. Dontho la madzi likalowako mwangozi, si mumatsamwa?"

"Eee."

"Ndiye mkaka ndi fumbi sizinakumanepo. Ngakhale kamodzi."

Dorica ankafuna kuti mayiyo asiyire pomwepo, koma dokotalayo anapitiriza, akujambula papepala. Anati mapapo ali ndi timatumba tating'onoting'ono tosawerengeka, ndipo khungu la timatumbato ndi lopyapyala kuposa khoko la anyezi. Kuseri kwake kumadutsa magazi. Munthu akakoka mpweya, nthiti zimatambasuka, mnofu wa pansi pa mapapo umatsika, timatumba n'kudzaza. Mpweya wabwino umawoloka kakhungu kaja kulowa m'magazi, woipa n'kutulukira momwemo. Fumbi lalikulu, looneka ndi maso, munthu amalitsokomola. Loopsa ndi lija losaoneka. Limatsika mpaka m'timatumbamo, thupi n'kumalimbana nalo osalitha, ndipo pomwe lakhala pamasanduka chipsera.

"Mapapo a bambowa auma ngati chikopa cha padzuwa. Akukoka ndi mphamvu zawo zonse, koma sakufutukuka. Ndipo kampweya kalowako sikakuwoloka bwino kupita m'magazi. Onani milomo yawoyi."

Dorica anayang'ana. Inali yotuwa modera, ndipo iye ankayesa kuti ndi kuzizira kwa mu Juni.

"Ndiye mankhwala otsukira ake ndi ati?"

"Palibe, amayi. Chipsera sichitsukika. Tiwapatsa zowathandiza kupuma, ndipo akabanika kwambiri muzithamanga nawo kuno tidzawaike pa mpweya. Koma ku fumbi asabwererenso."

A Mackson anangoyang'ana zikhatho zawo. Mu minibasi yobwerera, kondakitala anawakalipira kuti akuchedwa kukwera. Dorica, amene pakamwa pake pankaopedwa Nsungwi yonse, anangowagwira mkono n'kuwakweza. Ankangoona maso a ana ake pa kapu ija, zaka zonse zija. Chisoni chinamugwira, manyazi n'kubwera pamwamba pake. Iye ankadziyesa mlonda wa moyo wa mwamuna wake, chikhalirecho ankalondera khomo limene mbala sinkadzera.

Sabata yoyamba anadya za achibale. Yachiwiri, za kumpingo. Yachitatu kunalibe wobwera, poti aliyense m'tauni muno ali ndi ake amene akumulirira. Pemphani, mwana wawo wotsiriza, anali pafupi kulemba mayeso a Fomu 4. Kumsewu kunali mulu wa miyala ikuluikulu imene a Mackson anasiya asanaphwanye, ndipo nyundo inali kuseri kwa chitseko. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lolemba m'mawa Dorica anatenga nyundoyo.

Dokotala anali atanena kuti ogwira ntchitoyi azinyowetsa miyala ndi kuvala zotchinga zenizeni, chifukwa nsalu wamba fumbi losaoneka lija limangodutsa. Koma madzi ndi ogula pakiyosiki, ndipo miyala imauma usanathe n'komwe chidebe chimodzi cha kwale. Dorica anangomanga duku pamphuno, akudziwa kuti akudzinamiza.

Pafupi ndi mulu uja panali Tionenji, amene anatenga malo a malemu mwamuna wake. Anamuyang'ana Dorica, nayang'ana nyundo. Akanafuna kubwezera, tsiku lake linali limeneli. M'malo mwake anamuponyera mphira wa tayala wozinga.

"Muziika mwala m'katimu, mayi a Pemphani, mungaphwanye zala," anatero, natsokomola kouma, nthawi yaitali.

Dzuwa litafika paliwombo, nsidze za Dorica zinali zitayera. Ataweramuka, anaona munthu akubwera chapatali. Ankayenda mapazi khumi n'kuima, dzanja lina pakhoma la mpanda wa eni, mapewa akukwera ndi kutsika. Kuchoka kunyumba kufika pamsewu ndi poti mwana amathamanga madzi asanawire, koma a Mackson anapuma kanayi. M'dzanja linalo ananyamula kapu ija, atavindikira ndi kambale.

Anafika, naima, mawu osatuluka. Dorica anadikira mpaka mpweya unawabwerera.

"Bambo a Pemphani, si munamva zimene ananena adokotala?"

"Ndinamva." Anakoka mpweya. "Imwani basi." Anakokanso, mitsempha ya m'khosi itaima. "China choti ndikupatseni... ndilibe."

Dorica anatsitsa duku. Pamwamba pa mkaka panali patagwera kale kafumbi kotuwa. Anamwa wonse pang'onopang'ono, akuumva ukutsika njira yakumbuyo ija, misozi ikulemba mizere m'masaya ake oyera. Anabweza kapu, natola nyundo. A Mackson anakhala pa wilibala, kusonkhanitsa mpweya wobwererera kunyumba.