Kasitomala Wamng'ono wa Bambo

Ine miseche ndimaikonda, sindikana. Pamjigo wa kwathu ku Limbuli ukafuna kudziwa amene wathawa banja, umangofunsa Esteri, ndine amene. Koma miseche ikafika pakhomo pako imawawa mwina.

Nkhani yake ndi iyi. Namondwe wa Freddy atabwera, ine ndi amayi tinali kumaliro ku Chitakale. Kunyumba kunatsala bambo ndi mlongo wanga Kingstone, wa zaka zinayi. Bambo anali a kabaza. Madzi ataphwa anawapeza ali moyo, atakodwa mumtengo wa mango, atagwira njinga yawo zolimba. Kingstone sanapezeke mpaka lero.

Basi anthu anayamba. A Rosie ogulitsa zitumbuwa ankanena poyera kuti, "A Lenard anasankha njinga, mwana n'kumusiya." Bambo sanayankhepo. Anadwala chaka chotsatira n'kumwalira osanena kanthu, ndipo amayi anasiya kutchula dzina lawo.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye ndinapeza ganyu yosesa pa ofesi ina ya bungwe ku Chitakale. Kumeneko kuli a Anesi, mayi wa magalasi amene amasunga makompyuta. Tsiku lina ndikukolopa anati, "Iwe pakamwa sipatseka, bwera manja nawonso agwireko ntchito."

Anandiphunzitsa kompyuta pa windo lakuda lopanda zithunzi, longolembapo mawu. Umalemba grep, kenako mawu amene ukufuna, kenako dzina la fayilo, ndiye kompyuta imakutulutsira mzere uliwonse umene muli mawuwo.

"Ndiye kuti ndi kazitape?" ndinafunsa.

"Ndi mnzako," anatero. "Kusiyana kwake iyeyu sawonjezera mchere."

Mafayilo amene ankagwiritsa ntchito anali a nkhani za anthu opulumuka ku namondwe uja. A bungwe anayenda m'misasa kujambula mawu, n'kudzawalemba, mayina a olankhula atachotsa. Apo ndinakumbuka bambo atakhala kuseri kwa tenti ndi mnyamata wa foni, nthawi yaitali ndithu.

Ndinawauza a Anesi zonse. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Anthuwa tinawalonjeza kuti zonena zawo sizikafika kumjigo. Ukapeza, ndi za iwe ndi mayi ako basi. Ungathe, Esteri?"

"Nditha, anti."

"Iweyo?"

"Nditha."

Anandisonyeza kuika kanyenyezi m'malo mwa dzina la fayilo kuti ifufuze onse pakamodzi. Ndinalemba Kingstone ndi chala chimodzi, n'kudina. Palibe chinatuluka. Kamzere koyera kanangophethira pansi pake.

"Yawonongeka?"

"Ayi. Ikasowa imangokhala chete." Kenako anati, "Mwana wanga, ndani kuno amatchula dzina la mwana amene wangopita kumene? Onse amangoti mwana uja."

Zoonadi. Ngakhale kwathu timangoti uja.

Ndinalemba njinga. Mayo ine, mizere inatsika ngati mvula, Mulanje yense anataya njinga. A Anesi anandiphunzitsa kuika kadontho ndi kanyenyezi pakati pa mawu awiri, kutanthauza kuti pakatipo pakhale chilichonse. Ndinalemba njinga.*mwana. Inachepako, koma inali yambiribe, ndipo uliwonse unali maliro a munthu. Wina ndinamuzindikira ndi nkhani yake ya mbuzi, ndinatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinawerenga mpaka maso kuwawa, bambo osawapeza.

"Usafufuze mmene ukanalankhulira iwe," anatero a Anesi. "Bambo ako ankamutchula chiyani?"

Kenako ndinawaona m'maganizo, m'mawa akupukuta khushoni ya kumbuyo kwa njinga, Kingstone atakweza manja kuti amunyamule, iwo n'kumati, "Kwerani bwana, kasitomala wanga wosalipira."

Ndinalemba kasitomala. Ndinalakwitsa, n'kuyambiranso. Unatuluka mzere umodzi wokha, wautali, wopindikira pansi. Ndimawerenga pang'onopang'ono ine, mochita kutchula, koma a Anesi sanandithandize, anangondigwira phewa.

"Madzi atafika m'mawondo ndinamukweza kasitomala wanga wamng'ono pakhushoni, ndinati ndikamunyamula pamanja ndikagwa naye, koma panjinga sindinagwetsepo munthu chiyambire, ndinamuuza gwira chishalo bwana, ine ndinagwira mahandulo, ndinagwiradi sindinataye, potembenuka pakhushoni palibe."

Ndinabwereza katatu. Mawu ake anali a bambo enieni, mpaka ndinamva ngati fungo la girisi m'malaya awo.

Ndiye kuti a Rosie sananame kwenikweni. Njinga anaigwiradi.

Pobwerera ndinatsika minibasi pa siteji, a Rosie ali pomwepo ndi beseni lawo. "Esteri, za ku boma? Tatiuze, wangoti ndwii bwanji lero?" Mawu anafika pakhosi penipeni, anthu analipo ambiri, akanamva onse. Ndinangoti, "Kulibe nkhani, mayi," n'kudutsa.

Amayi ndinawapeza akusankha nandolo pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuwauza mzere wonse monga unalili, osawonjezera kanthu. Anapitiriza kusankha, koma ndinaona kuti akutaya wabwino pamodzi ndi wofumbwa.

Patapita nthawi anadzuka n'kulowa m'chipinda chimene munali njinga ija, imene anaiponyamo tsiku la maliro a bambo osaiyang'ananso. Ndinasuzumira pachitseko. Anali atagwada, akupukuta fumbi pakhushoni ndi nsonga ya chitenje.

"A Lenard inu," anatero motsitsa, "bwanji osangonena?"