Chingwe Chopota Chakumanja

Chaka chimene denga la nyumba ya mfumu kulikulu ku Hanyang linayamba kudontha, ife akumapiri tinadziwiratu kuti onyowa tikhala ife. Mfumu imagona m'chipinda chimodzi ngati ine ndi inu, koma zipinda zofunika kukonza akuti zinali mazana, zina zogonamo mileme yokhayokha. Anthu ake anayamba kutitengera mpunga, kenaka amuna, kenaka anakumbukira mitengo.

Okbun, mayi wamasiye woluka nsapato za udzu wa mpunga, anali ndi mtengo umodzi wa paini, wowongoka njo, pamwamba pa manda a mwamuna wake. Mizu yake ndiyo inkagwira dothi la manda pamtsetse paja. Mtengo ukagwa, mvula ifukula mafupa, ndipo wakufa mukamuvula chotero sapita kukadandaula kwa mfumu ayi, amatsikira kunyumba kwake. Kunyumbako kunali mpongozi wa Okbun, woyembekezera, mwezi wake utayandikira.

Tsiku lina m'mawa mlamu wake Deokchil anafika akupuma wefuwefu.

“Mlamu, anthu a mfumu afika kutsidya! Akupaka chofiira mtengo uliwonse wonenepa kuposa ine.”

“Ndiye atha nkhalango yonse, inuyo miyendo ngati timitengo todyera,” anatero Okbun. Koma sanaseke.

Mtengo wokhala mizimu timaumanga chingwe cha udzu chosomeka timapepala toyera, ndipo wodula aliyense akachiona nkhwangwa imamulemera. Okbun anakhala pakhonde, nalavulira m'manja, nayamba kupota mofulumira. Dzuwa lisanafike pamutu mtengo unali utavala.

“Kunamiza anthu a mfumu ndi zikoti, mlamu,” anatero Deokchil.

“Zikoti zimapola. Gwirani uku, musangoyasama.”

Masana kunafika bwana Pyo, woyang'anira mitengo ya mfumu, ndi odula anayi. Odulawo ataona chingwe anaima patali, wina mpaka anabisa nkhwangwa kumbuyo ngati mtengo uli ndi maso. Bwana Pyo anayandikira yekha, nayendetsa chala pachingwe pang'onopang'ono.

“Mayi, mzimu wa muno ndi wakale?”

“Unabwera ndili ndi mano onse, bwana.”

“Eti? Nanga unayamba liti kuvala chingwe cha nsapato?”

Okbun anayang'anitsitsa chingwe chija. Ngakhale khanda limadziwa kuti chingwe cha mizimu timapota chakumanzere. Koma manja amene apota chakumanja zaka makumi anayi sakufunsa. Anangochita zawo mwini wake ali ndi mantha.

Odula aja anaseka, kuseka kwa anthu amene mtima wakhala pansi. Bwana Pyo sanaseke, ndipo za zikoti sanatchule n'komwe. Anangodula chingwe, nachiika m'manja mwa Okbun mwaulemu.

Wodula wamkulu anaima pafupi ndi manda, nakweza nkhwangwa, nafuula katatu monga amachitira kuti mkwiyo wa mtengo usagwere iye: “Ndi lamulo la mfumu! Ndi lamulo la mfumu! Ndi lamulo la mfumu!”

Iye wadzichotsamo. Mfumu ili kutali, kuseri kwa makoma. Mtengo utagwa, dothi la manda linang'ambika kutalika ngati mkono, ndipo kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. Okbun anayang'ana kumusi, kumene mpongozi wake ankaanula zovala, dzanja lina ali chigwirire m'chiuno. Anatsika phiri akuthamanga kuti akatchinge khomo wakufa asanafike, chingwe chija chikukhwekhwereka pambuyo pake.