Manja Othyolera Tiyi

Chitheba chomaliza cha vanila chinatha fungo mwezi womwe a Clency anasiya kudya. Mayi Ginette anali atachidula tizidutswa n'kuchikwirira m'chitini cha masamba a tiyi monga ankachitira amuna awowo zaka zonse, koma tsopano chinali kamtengo chabe. M'mawa uliwonse ankatsegula chitinicho n'kununkhiza.

Chigwereni ndi sitiroko, a Clency ankakana mpunga, kukana buledi, ngakhale msuzi wa mphodza. Pakamwa popotokapo pankatsegukira chinthu chimodzi chokha: tiyi wawo wowiritsa mpaka kuda, wa mkaka waufa, wonunkhira vanila amene amayanga pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Adokotala sanabise mawu. Anati akadzasiyanso kumwa, ndiye basi.

Mpongozi wawo Sheila anafika ndi paketi ya tiyi wakusitolo.

"Amayi, Mauritius yense amamwa ameneyu. Bambo okha ndiye mfumu?"

"Tsitsa mawu, iwe. Khutu lawo silinafe ayi."

"Chabwino, tidonthezemo vanila wa m'botolo uja timaika m'keke. Adziwa bwanji?"

"Adziwa. Ndipo chotsa chitinicho pafupi ndi nsomba yamchere! Tiyi ndi wamiseche, amatola fungo la aliyense."

Wodwala sanamizidwa. Akakugwira kamodzi, dzanja lako salikhulupiriranso. Mayi Ginette ankazidziwa zimenezi, koma mantha ndi mlangizi woipa. Anadontheza, n'kutakasa, n'kulowa nayo kapu kuchipinda akumwetulira. A Clency anapsontha kamodzi, kenako anangolekerera tiyiyo kutsika ndi chibwano mpaka papilo. Anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma.

Sheila anakwera basi tsiku lomwelo kukagula zitheba zenizeni, zakuda, zonyezimira mafuta. Tiyi wake ananunkhira mpaka kumsewu. A Clency sanatsegule pakamwa. Ngakhale madzi anawakana.

M'mawa mwake Mayi Ginette, potaya masamba kuseri, anaona maluwa a vanila atatseguka, otuwa mobiriwira. Duwa limeneli silibala lokha kuno, njuchi zathu sizilidziwa. Limatseguka m'mawa, dzuwa likafika paliwombo lafota, ndipo silidzatsegukanso. Munthu ayenera kulikwatitsa: atenge munga wa ndimu, atukule kalilime kamene kamatchinga chachimuna ndi chachikazi, afinye pang'ono ndi chala chachikulu. Ntchito imeneyi inali ya a Clency okha. "Manja akowa ngothyolera tiyi, Ginette, amangodziwa kubudula," ankatero akuseka. Azimayi inu, musamalole mwamuna akhale ndi ntchito yake yekha m'nyumba. Tsiku limabwera.

Mayi Ginette anaganiza kuti mwina akaona maluwa ake akukwatitsidwa, bamboyo apeza choti adikire, n'kumwa. Anatsegula zenera la kuchipinda, n'kusuntha pilo kuti nkhope iloze kumtengo.

"Sheila, gwira mpandowu. Ugwire ndithu, ndikagwa muona odwala awiri."

"Mwavala magalasi? Mungakwatitse mkwati ndi mlamu wake."

"Usandiseketse, ndingaphonye."

Munga unalowa bwino. Kalilime kanatukuka. Koma pofinya, zala zimene zinathera moyo wonse m'minda ya tiyi zinachita zimene zimadziwa: zinatsina n'kupotoza. Duwa linatsala m'manja.

"Ukwati watha tisanadye n'keke yomwe," anatero Sheila, koma mawu ake analibe chiseko.

Lachiwiri linang'ambika. Lachitatu linabuduka ngati loyamba lija, ngakhale Mayi Ginette anali akudzinong'oneza kuti pang'ono, pang'ono. Kuchipinda kunamveka kubuula, dzanja lamoyo lija likumenya pabedi. Sheila anayesa, koma zikhadabo zake zazitali zinaboola duwalo pamimba. Dzuwa linali likukwera.

Linatsala limodzi, pamwamba. Mayi Ginette anasiya zala zozolowerazo, n'kufinya ndi chala chaching'ono, mpweya ataugwira. Duwa linakhala pamalo pake.

"Latheka! Amayi, latheka! Ndiye chithebacho tithyola liti?"

Mayi Ginette anatsika pampando pang'onopang'ono. Yankho ankalidziwa chiyambire, anangokhala akulizemba. Chitheba chimakhala pamtengo nthawi ya mimba ya munthu. Ukachithyola uchiviike m'madzi otentha, uchifunditse bulangete chituluke thukuta, uchiyanike, uchitsekere m'bokosi miyezi ina. Chisanapite monsemo, chilibe fungo.

"Chaka chamawa ngati lero," anatero.



Mayi Ginette anatenthetsa tiyi uja wa zitheba zogula, n'kulowa naye. A Clency anali akuyang'anabe kunja, pansi pa mtengo, pamene panagwera maluwa obuduka aja.

"Limodzi lagwira, bambo. Mwaona nokha. Ndinakulakwirani dzulo lija, koma uyu ndi weniweni, ndikulumbira. Kasupuni kamodzi kokha."

Anafikitsa supuni pamlomo. Milomoyo inali youma, yong'aluka. A Clency anatsinzina. Mayi Ginette anaigwirabe supuniyo pomwepo mpaka dzanja linalema, tiyi n'kuyamba kudonthera pachifuwa cha malaya.