Waya Wofiira, Waya Wobiriwira

Mmisiri wa magetsi woposa a Mphezi sanabadwe. Analumikiza mawaya m'mahotela, m'migodi, ngakhale m'sitima yapamadzi imene inawaonetsa maiko asanu ndi awiri, ndipo pa zaka makumi atatu palibe nyumba imene anaigwira inapsa ngakhale kakhonde. Anayamba ndi pulayala imodzi. Lero shopu yawo ili ndi zitseko ziwiri.

Chinsinsi chawo ankachidziwa ndi akazi awo okha. Maso a mkuluyu sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Mpukutu wa waya ukafika, mayi ankaukulunga tepi kunsonga: wofiira kamodzi, wobiriwira kawiri. Zala zinkawerenga, ntchito n'kumayenda.

Ndiye bungwe lopereka ziphaso linalamula kuti mmisiri aliyense aziphunziranso maola makumi awiri pachaka, apo ayi chiphaso chifa. Mphunzitsi wake inali pulogalamu yanzeru ya pa foni, yoona pamene munthu akutsimphina n'kumukonzera phunziro lakelake. Mwezi utatsala umodzi, a Mphezi anali asanaphunzire ola ngakhale limodzi.

Masamu a magetsi anawameza osatafuna. Pulogalamu inawayamikira n'kuwadumphitsa mitu isanu, iwo n'kukadzitama kwa mlamu wawo wowotcherera zitsulo kuti makinawa akuphunzira kwa iwo. Kenako inawaonetsa chithunzi cha bokosi la mawaya, akhudze wobiriwira. Anakhudza wofiira. Mawa lake chithunzi chinakula, mawaya atatu okha. Mkuja awiri, onenepa ngati chingwe chomangira ng'ombe. Pulogalamuyo sinkakalipa, sinkatopa. Inkangofewetsa phunziro, ndipo kufewetsako n'kumene kunkawadya mumtima.

"Ndizikhala pambali, bambo, ndizikutsinani pantchafu, wofiira kamodzi, wobiriwira kawiri," anatero mayi. "Koma musalire, ndinu akuluakulu."

Masiku awiri anakhoza zonse, ntchafu itatupa. Lachitatu mayi anapita kukadwazika mchemwali wawo, ndipo a Mphezi, ali okha pa benchi pakati pa mababu ndi maswitchi, analakwa zisanu ndi chimodzi mwa khumi.

Masana omwewo foni inalemba mwaulemu kuti vuto lawo si kusadziwa, ndipo palibe phunziro limene ingawakonzere. Akayezetse maso, bungwe laona kale zotsatira.

A Mphezi anailembera maiko onse amene anagwirako ntchito, mahotela ndi migodi yomwe. Inawathokoza chifukwa cha luso lawo, n'kubwereza mawu omwewo. Anafuna woti amugwire mkono, amukokere kuseri, akambirane ngati amuna. Munthu woteroyo kunalibe. Mlamu anasuzumira pakhomo kufunsa ngati makina aja amaliza sukulu. Ataona nkhope yawo, anabwerera mwakachetechete.

Anatsiriza maphunziro otsalawo monga amatsirizira ntchito iliyonse, osasiya kansonga. Mayi atabwera, a Mphezi anawapatsa foni kuti awerenge okha. Maola makumi awiri onse akwana. Chiphaso chidikira kalata ya dokotala.