Mizere ya Dzanja Lamanzere

Jipi yodzatenga mkwatibwi inafika dzuwa litangosuzumira pamwamba pa phiri, itavekedwa maluwa apepala mpaka pagalasi. Akazi anaunjikana pampanda n'kumati anthu akumtunda ndi aulemu, taonani galimoto yake. Zaitun sanaone maluwa. Iye maso ake amayambira pansi. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala pabanja ndi Dinar wokonza matayala, ndipo mwamuna wotero akamwalira sakusiyira kanthu koma chifuwa cha utsi wa mphira ndi chizolowezi choyang'ana galimoto kumiyendo.

Matayala akutsogolo anali akuda bii, opakidwa polishi ngati nsapato za aphunzitsi. Tayala labwino salipaka polishi.

Anali atatopa zedi. Masiku atatu akukanda ufa, kuphika mpunga wa anthu zana, kuthirira tiyi wamchere alendo amene pamaliro a Dinar sanaoneke n'komwe. Mapazi atatupa. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mehrun, anali m'nyumba pakati pa azakhali ake, manja atapakidwa utoto wofiira wa hina, akulira monga amalirira mkwatibwi aliyense. Dzuwa lisanafike pamutu anayenera kukwera jipiyo kupita kwa mwamuna wake ku Barumgol. Ndi ulendo wa maola asanu ndi limodzi pamsewu wa miyala yakuthwa, khoma la phiri kuno, phompho uko, mtsinje ukulira pansi. Mayi wa mkwatibwi sapita nawo. Amatsala kutsuka mapoto.

Anatenga thireyi ya tiyi kuti apeze ponamizira, n'kutuluka. Amuna anali atakhala patsinde pa mtengo wa mabulosi. Panali Haji Qurban, malume ake a mkwati, amene anatsogolera alendowo. Panali dalaivala, Fazal Karim, munthu wa ndevu zometa bwino ndi pakamwa posatseka. Panalinso Mir Wali, mng'ono wake wa Dinar, amene tsikulo anaima ngati bambo wa mwana, atavala chipewa chatsopano chaubweya. Zaitun anatula tiyi, n'kupitirira mpaka pajipi, n'kunjuta.

Anatulutsa kamtengo ka machesi pakona ya mpango wake n'kukalowetsa mumzere wa tayala. Mutu wa machesi unamira wonse. Mwamuna aliyense akanalekera pomwepo n'kunena kuti lili bwino. Iye analowetsa chikhadabo n'kukanda pansi pa mzerewo. Mzere wochokera kufakitale umakhala wosalala pansi, ndipo apa ndi apo pamakhala kachitunda kakang'ono kodutsa, kokuuza kuti mphira ukafika apa tayala latha. Umu munalibe kachitunda. Munali mokakala, mopsa, ndipo chikhadabo chinakodwa pa kanthu kena ngati ulusi. Kenako anaona pothera mzere uliwonse: kangowe kakang'ono kopindikira kumanzere.

Anakhala pansi pafumbi. Dzanja limenelo ankalidziwa. Linali lake.

Chifuwa chitamugwetsa Dinar, Mir Wali anatenga shopu ya matayala. Sabata isanathe anayamba kubwera kuseri kwa nyumba ndi matayala akutha, osalala ngati mbale, atawafunditsa masaka. Anabweretsanso kachitsulo kosemera. Umakatentha pambaula, n'kumasema nako mizere yatsopano pamphira wotsalayo. Zaitun anaphunzira m'masiku awiri. Dinar anamwalira, iye anapitiriza, zaka zinayi, kuseri kwa khola la mbuzi, aneba n'kumaganiza kuti akuotcha zinyalala. Ufa unkachokera pamenepo. Yunifolomu ya Mehrun inkachokera pamenepo. Kumene matayalawo ankapita sankafunsa. Mir Wali ankati ndi a timagalimoto ta m'tauni, toyenda pang'onopang'ono paphula. Awiri awa anawasema mwezi watha, ndipo ankawakumbukira chifukwa anauza mlamu wakeyo kuti mphira watha, chitsulo chikugunda ulusi, ngakhale ngolo ya bulu sangainyamule. Iye anayankha kuti akawataya.

Zaitun anakodola mlamu wakeyo ndi mutu. Mir Wali anamutsatira kuseri kwa khola akutafunabe buledi.

"Alamu, kumeneku ndiye kudzala kumene munakawataya?"

Mir Wali anayamba walumbira kuti sankadziwa kuti jipi ya Fazal ndi imene idzabwere ku ukwati. Kenako anati atsika nawo usiku kuchokera ku Barumgol ndipo afika amoyo, ndiye vuto lili pati. Zaitun anamukumbutsa kuti atsika anthu asanu opanda katundu. Pokwera pakhala anthu khumi ndi awiri, mabokosi awiri achitsulo, bedi, makina osokera, ndi dzuwa lamasana lotenthetsa miyala.

"Tamverani, mlamu," anatero motsitsa mawu. "Mukangotsegula pakamwa, a Haji abwerera opanda mwana. Ndani adzamufunenso? Shopu itsekedwa, mudya mphira womwewo. Zapamsewu amasunga ndi Mulungu."

"Mulungu sanaseme tayalalo. Ndinasema ndine."

Anamusiya pomwepo. Komabe mwana wa munthu amayamba wayesa njira yosapweteka. Anabwerera kwa amuna aja, n'kukokera mpango kumaso, n'kuuza dalaivala mwaulemu kuti matayala ake akutsogolo atha, asanyamule nawo anthu.

Fazal Karim anaseka mpaka tiyi kutayikira pabondo. Anati mayi, inu dziwani za mpunga, za matayala mutisiyire. Anadzuka, n'kutenga machesi ake, n'kuitana amuna onse kuti adzaone okha. Mutu wa machesi unamiranso. Wina anati mwina mayi akufuna mwana wawo apite pa ndege. Wina anati akazi amasiye amaona maliro paliponse, ngakhale mu mphika wa mkaka. Anaseka onse, Mir Wali kuposa anzake. Haji Qurban yekha sanaseke. Ananena mofatsa kuti kusiyana ndi mwana n'kowawa, asewere alowe m'nyumba akapume.

Zaitun analowadi. Anadutsa pakati pa akazi osayang'ana mwana wake, n'kupisa dzanja kuseri kwa nkhokwe ya ufa, n'kutulutsa kachitsulo kaja, chigwiriro chake chokulungidwa ndi sanza zakuda ndi mwaye. Potuluka sanakokerenso mpango kumaso. Ananjuta patayala, n'kuika nsonga ya chitsulo mumzere. Chinalowa ndendende, osatsala mpata, ngati phazi mu nsapato yake. Anachiyendetsa mpaka pa kangowe kaja, n'kukolokosa pang'ono, n'kusolola ulusi woyera wotalika ngati chala. Anauika pachikhatho cha dalaivala.

"Uwu ndi mnofu wa tayala lako, mwanawe. Khungu linatha kale. Mizere ukuyesayi ndinasema ine ndi chitsulo ichi, kuseri uko, mwezi watha. Ndine wamanzere, n'chifukwa chake yonse ikupindikira uku. Yang'ana linalo."

Anayang'ana. Palibe amene anasekanso. Kumpanda akazi anali atamva zonse, ndipo oimba ng'oma, amene anali atayamba kuwamba zikopa zawo padzuwa, anazisiya pansi.

Fazal anatembenukira Mir Wali. Anamukumbutsa mawu ake omwe, akuti ochokera kunja, akuti ayenda miyezi iwiri yokha, akuti m'bale wanga ndikukugulitsa chifukwa ndiwe. Anamutchula mayina amene sayenera kutchulidwa paukwati. Mir Wali anati mkaziyu mutu wake sunakhale bwino chimwalirire mwamuna wake. Koma ulusi unali pachikhatho, ndipo ulusi sudwala mutu.

Haji Qurban anadikira mpaka phokoso litazirala. Anali munthu wokalamba, woyenda ndi ndodo. Anabwera pafupi n'kufunsa Zaitun, ngati mmene ungafunsire dokotala, kuti matayalawa angafike pati.

Anamuuza zoona. Mwina angafike mpaka ku Barumgol, poti mwayi ulipo. Koma akadutsa mlatho wachiwiri, pamene madzi a chipale chosungunuka kuphiri amakokolola dothi n'kusiya miyala ili njo, lamanzereli silingapirire mwala umodzi wakuthwa. Ndipo tayala lakutsogolo likaphulika pokhota, chiwongolero sichimvanso munthu.

Nanga akumbuyo? Anakwawira kumbuyo, mawondo akulira. Anayesa pakati, anayesa m'mphepete, anayendetsa chikhatho kufuna zotupa, anapinda mphira wam'mbali kuona ming'alu. Awo anali oona. Otha theka, lakumanja litadyeka mkati chifukwa cha mwendo wopindika, koma timachitunda tija tinali tikadali pansi. Afika mpaka chisanu, anatero, akapanda kuwapopa mopitirira. Lapadera limene linali pamsana pa jipi sanataye nalo nthawi. Anangoligogoda n'kunena kuti ilo n'lokhalira ana.

Haji analoza ndi ndodo galimoto ya Mir Wali imene inaima pamthunzi. Anafunsa ngati msinkhu wa matayala ndi umodzi. Unali umodzi. Zaitun anapita kukawayesanso. Mizere yakuya, pansi posalala, timinga tamphira ta kufakitale tisanathothoke n'komwe.

"Anuwa ndiye simunandibweretsere kuti ndiwakongoletse, alamu," anatero.

Anatulutsa majeke. Mir Wali anamasula yekha matayala atatu a galimoto yake, awiri akutsogolo ndi limodzi lapadera, chipewa chatsopano chili pafumbi, khamu lonse likuonerera. Zinatenga ola ndi theka. Mpunga unazizira. Zaitun anaimirira pomwepo mpaka nati yomaliza itamangidwa, n'kuuza Fazal kuti abwerezenso zonse, mopingasa, osati mozungulira.

Apo Haji Qurban anaima pambali pake, maso ali kuphiri. Ananena ngati akudziyankhulira kuti zaka ziwiri zapitazo mdzukulu wake anagwera mumtsinje uja ndi anthu ena asanu ndi awiri, kumtunda kwa mlatho wachiwiri. Tayala lakutsogolo. Apolisi anati linkaoneka latsopano.

Sanafunse kanthu. Zaitun anayembekezera kuti amufunsa ngati analisema ndi iye, koma funsolo silinabwere. Likanabwera akanayankha chiyani? Osema matayala m'chigwa muno ndi ambiri. Komanso zaka zinayi ndi matayala ambiri, ndipo sanawerengepo.

Mkuluyo anati mwana alibe mlandu, amutulutse. Koma tiyi amene anamuthirira kachiwiri sanamukhudze, ndipo phukusi la buledi ndi mtedza limene mayi wa mkwatibwi amapereka la panjira analisiya pakhoma.

Mehrun anatuluka atafunditsidwa nsalu yofiira, azakhali atamugwira uku ndi uku. Atafika pa mayi ake anaima. Zaitun anaganiza kuti amukumbatira. Mawu anatuluka pansi pa nsalu, otsika, ouma.

"Mukanandiuza ine kaye, amayi. Ndikukalowa m'nyumba ya anthu ndi fungo limeneli."

"Kwera. Ukhale mbali ya kuphiri."

Ng'oma zinalira mwaulesi, jipi inanyamuka. Alendo anabalalika msanga, ena osatsanzika, aliyense akuthamangira kukakhala woyamba kufotokoza nkhaniyo kwawo. Pabwalo panatsala mapoto, mafupa, galimoto ya Mir Wali itakhalira miyala, ndi matayala awiri opakidwa polishi atatsamira mpanda.

Mapoto sanawayambe. Anatenga mpeni wophera mbuzi, n'kuunola pamwala, n'kukhala pansi miyendo tambalale. Kudula tayala ndi ntchito ya amuna awiri. Ananyowetsa mpeni, n'kucheka m'mbali kuzungulira, kupuma, kuchekanso, matuza akuphulika m'manja. Mmene Mir Wali ankabwera ndi wilibala kudzawatenga, poti wogula wina sasowa, anapeza limodzi lasanduka chomwera mbuzi, linalo lili pakati.

Mir Wali anatula wilibala. Kenako anati kuyambira lero asayembekezere ufa, ngakhale wodzaza supuni, ndipo akafunse a Haji ake aja ngati angamudyetse. Zaitun sanadzutse mutu. Anamuuza kuti atenge kachitsulo kake pakhoma paja, akapeze wamasiye wina.

Dzuwa linapendeka. Anatsuka mapoto, limodzi limodzi, foni ili pa mwala pambali pake. Maola asanu ndi limodzi anakwana. Lachisanu ndi chiwiri linayamba. Anatsukanso poto amene anali atatsuka kale. Mthunzi wa phiri unali utafika pakhola pamene foni inalira.

"Tafika." Kumbuyo kwa mawuwo kunalibe ng'oma, kunalibe nthungululu.

"Matayala?"

"Matayala, matayala. Ali bwino matayala anuwo. Nkhani yafika kuno ife tisanafike. Apongozi sanatuluke kudzandilandira. Akunditcha kale mwana wa wosema."

Zaitun anayang'ana manja ake. Mwaye wa zaka zinayi unali m'ming'alu ya zala, sopo atalephera.

"Akutche," anatero. "Akukutcha ukumva, uli moyo."

Mehrun anati akumuitana, n'kudula. Zaitun anatunga madzi n'kuthira m'chomwera chatsopano chija. Mbuzi zinanunkhiza polishi n'kubwerera m'mbuyo. Anakhala pamwala kudikira kuti ludzu liziphunzitse, poti mphamvu zozikankha analibe.